Yazizira, Yagwira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinawasiya alamu? Nanga kamtsikana kanu kaja kanayamba kuyenda? Pa chithunzi munatumiza chija kakuoneka kuti katenga mphumi ya bambo, ndiye mukonzekere makani.

Kuno ine, alamu anu ndi mayi tilipo. Bambo sali bwino. Ndikanatha kulemba kuti tonse tili bwino monga timanenera pa foni, koma mawu amenewo ndatopa nawo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale, kenako n'kuijambula kuti ikupezeni lero lomwe. Chifukwa chake n'chakuti pa foni sindimaliza zimene ndikunena. Ndikangoyamba mumati mwamva kale, ndipo bambo amakhala atatambasula dzanja kuti ndiwapatse foniyo alankhule ndi injiniya wawo. Pepala simungalidule mawu. Muwerenge mpaka kumapeto, chonde.

Ndiyambire pa zimene mukuzidziwa, kuti tione pamene panakhota.

Zaka zonse zija bambo akunyamula mageti ndi mafelemu ku shedi kwawo kowotcherera zitsulo, fupa limodzi la m'munsi mwa msana linayamba kutsetsereka pamwamba pa linzake. Adokotala a mafupa, mayi afupi aja osakonda kuseka, anationetsa pa chithunzi. Anati msana ukugwedera pamalo pamenepo, ndipo ukagwedera umapana mitsempha yopita ku miyendo. N'chifukwa chake bambo ankati akayenda pang'ono n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kumanamizira kumanga zingwe za nsapato.

Adokotala anati mankhwala ndi masewera olimbitsa thupi zalephera, kwatsala opaleshoni yolumikiza mafupa awiriwo kuti akhale fupa limodzi. Anafotokoza bwinobwino kuti adzaika masikuluwu ndi tizitsulo tiwiri, kenako adzadula tizidutswa ta fupa la m'chiuno n'kutiyala pakati pa mafupa ogwederawo. Bambo pa zonsezi anangomvapo mpeni pamsana. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka adokotala akadalankhula.

Tinawanyengerera mpaka malovu kuuma m'kamwa. Mayi analira, ine ndinakuwa, alamu anu anayesa mwaulemu, koma zonse zinapita padera.

Ndiye munaimba foni inu. Ndinali nditaigwira ndine, mawu akumveka m'chipinda chonse. Munawauza kuti asaope chifukwa ndi kuwotcherera chabe, ntchito yomwe akhala akugwira moyo wawo wonse. Munawafunsa kuti zitsulo ziwiri zikamagwedera iwo amatani. Bambo anaseka koyamba m'miyezi yambiri, n'kunena kuti adokotalawo bwanji sanangonena choncho m'malo mozungulira. M'mawa mwake anavomera.

Pa tsiku limenelo sindikukuimbani mlandu. Ine ndemwe ndinavina m'khichini, ndipo ndinauza aliyense kuti achimwene anga ali ndi mutu.

Zimene simunaone ndi za kuchipatala. Anawatulutsa m'chipinda cha opaleshoni nkhope itatupa chifukwa chogona chafufumimba nthawi yaitali, kapaipi kakutuluka pamsana kakudontheza magazi m'kabotolo. Mabala anali awiri, ndipo la m'chiuno, pamene anadula fupa, ndi limene linkawaliza. Sindinkadziwa kuti bambo amatha kulira mokweza. Ndinakoka katani kuti odwala ena asawaone, ngati kuti katani amatseka makutu.

Anesi anawaphunzitsa kutembenuka thupi lonse pamodzi ngati chipika. Anawapatsa lamba wamkulu wolimba womanga kuyambira m'chiuno mpaka m'nthiti. Malamulo anali akuti osawerama, osapotokola thupi, osanyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo, ndiponso fodya ayi, chifukwa utsi umaletsa fupa kumera.

Tsiku lotuluka adokotala anabwereza kangapo kuti masikuluwu si amene adzagwire msana. Anati zitsulozo zili ngati vaisi, chopanira chija chili pa tebulo la bambo, ntchito yake ndi kungogwiriziza mpaka fupa limere n'kulumikizana lokha, ndipo zimenezo zimatenga miyezi yambiri. Bambo ankangogwedeza mutu. Mukukudziwa kugwedeza kuja amachita kasitomala akamawauza mmene angagwirire ntchito yawo.

Ululu wa m'miyendo unatha, ndipo ndi zimene zinatipusitsa tonse. Anayamba kuyenda mpaka kumapeto kwa msewu wathu osakhala pansi. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzawapatsa moni kuti a Yagwira adzuka.

Dzina limenelo mukudziwa kumene linachokera. Akamaliza kuwotcherera amathira madzi a m'chigubu, chitsulo n'kulira kuti tchiii, amachikhudza ndi kunja kwa dzanja, n'kuchimenya kamodzi ndi nyundo. Kenako amayang'ana kasitomala n'kunena kuti yazizira, yagwira. Kuyambira tili ana sindinawamvepo akumaliza ntchito ndi mawu ena.

Atabwerera kunyumba, m'mawa uliwonse ankauza mayi kuti aike kunja kwa dzanja pa bala la pamsana. Ife tinkayesa akuopa kuti bala lingatukusire. Masabata oyamba pankatentha, mayi n'kunena kuti pakutentha, bambo n'kumanga lamba wawo mwakachetechete. Tsiku lina mayi anaika dzanja, n'kunena mosangalala kuti lero pazizira. Bambo anangomwetulira. Mayi mpaka lero akudzitukwana chifukwa cha mawu amenewo.

Sabata yomweyo lamba anakapezeka pa msomali kuseri kwa chitseko, akuti amawayabwa. Kenako anayamba kupita ku shedi, akuti kukangoona. Posakhalitsa ndinayamba kupeza tizidutswa ta ndudu kuseri kwa bafa.

Ndinakangana nawo, achimwene, mpaka aneba anazolowera. Yankho lawo linali limodzi. Ankandifunsa kuti iwe Kamlomo unagwirapo makina owotcherera liti. Ankati mwana wawo injiniya ananena kuti ndi kuwotcherera, ndipo chowotcherera chimagwira tsiku lomwelo kapena sichigwira n'komwe. Za miyezi yodikirazo ankati ndi nzeru za madokotala zofuna kuti anthu azingobwerabwera kuchipatala.

Tsiku lina ndinakuuzani pa foni kuti bambo ayamba kupita ku shedi. Munaseka n'kunena kuti a Yagwira ndi chitsulo, ndiwasiye. Mwina munaiwala, pajatu munali pa changu. Iwo sanaiwale, anazibwereza kwa aliyense wobwera kudzawaona.

Tsoka linabwera ndi mwini sukulu ya mkaka ija ya pakona. Anabweretsa geti lalikulu pa galimoto kuti bambo aliike mawilo. Munthuyo sankadziwa kanthu, anaona bambo ataima bwinobwino atavala ovolosi. Anagwira mbali imodzi, bambo mbali inayo, n'kuyamba kulitsitsa.

Alamu anu ataitanidwa anawapeza atagwada pa simenti, atakumbatira mwendo wa tebulo, thukuta lili kamukamu. Bambo sanafune kuti wina awakhudze. Ali m'galimoto anauza alamu anu kuti kulira kwa chitsulo chikamathyoka amakudziwa bwino, koma kanali koyamba kukumvera m'kati mwa thupi lawo.

Kuchipatala anawajambulanso. Adokotala sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Anangopachika chithunzi pa galasi lowala lija. Bambo anavala magalasi awo n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza okha ndi chala adokotala asananene kanthu. Sikuluwu imodzi inali itathyoka pakati, ina itakhwefuka. Fupa linali lisanamere n'komwe, ndipo la pamwamba lija latsetsereka kuposa kale.

Adokotala anati n'zotheka kuchitanso. Adzachotsa zothyokazo, adzaika zokulirapo, n'kutenga fupa lina kumbali inayo ya chiuno. Sanatibisire kuti ulendo wachiwiri ndi wovuta kuposa woyamba, ndipo sanalonjeze kuti zonse zidzabwerera mwakale. Koma anati tikasiya chonchi mtsempha wopanikizikawo ufa, ndipo mtsempha ukafa sudzukanso. Ananditengera pambali n'kundiuza kuti tsiku limene bambo adzalephere kugwira mkodzo, tisadikire kuti kuche kapena kuti mvula ikate, tithamange nawo. Malo a opaleshoni awasungira, koma akufuna yankho sabata yamawa.

Bambo anakana. Ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kuposa ine, poti munakulira m'shedi muja.

Lamulo lawo lija silinasinthe. Malo owotcherera kale akathyoka, iwo sawotchereranso, amati chitsulo chapsa ndipo chafooka. Amadula chidutswa chonsecho n'kuchiponya pa mulu wa zitsulo zotha ntchito kuseri kwa shedi. Makasitomala angati anabwerera atakwiya chifukwa cha lamulo limeneli? Anawafotokozera adokotala zimenezi mwaulemu kwambiri, ngati akuphunzitsa mnzawo wa ntchito.  Titafika pakhomo anati basi, tiwaike pa mulu wakuseri.

Mwaona, achimwene? Mawu omwe anawagoneka pa tebulo la adokotala ndi omwewo akuwaletsa kubwererapo.

Tsopano ndikuuzeni mmene alili, chifukwa pa foni amakhala atakonza mawu ndipo mumamva munthu wamphamvu. Phazi lamanzere likukhwekhwerezeka. Patapata imavuka iwo osadziwa, amakafika kukhomo phazi limodzi lili lopanda kanthu. Tinasamutsira bedi lawo pabalaza chifukwa masitepe awiri a kuchipinda aja akuwakanika. Kuchimbudzi amawaperekeza alamu anu, ine ndimaima panja kumvetsera ngati zonse zikuyenda, ngati wakuba.

Makina awo anauza alamu anu kuti awafunditse lona. Kiyi wa shedi anandipatsa kuti ndidzakupatseni inu.

Ndipo ayamba kundithokoza. Ndikawapatsa madzi amati zikomo mwanangu. Ndikawakonzera pilo amati Mulungu akudalitse. Munthu amene wakhala akunditchula Kamlomo kuyambira ndili ndi mano a mkaka! Ndikukuuzani zoona, ulemu umenewu ukundiopsa kuposa kukuwa kwawo konse. Ndikumawaputa dala kuti andikalipire, koma sakundikalipira.

Njira ilipo imodzi, ndipo anaiona ndi mayi.

Mayi kuchipatala ankangogwira chikwama chawo pamiyendo. Koma tsiku lina tikuchapa pa mpopi anayang'ana mtengo wawo wa malalanje uja, n'kundifunsa kuti zimene adokotala ananena zodula fupa kwina n'kukaliika kwina kuti limere, kodi si kumezanitsa kumeneko. Ndinasiya kuchapa. Titapita kukatenga mankhwala ndinawafunsa adokotala, ndipo anati inde, ngakhale m'mabuku awo mawu ake ndi omwewo a mitengo.

Mtengo umenewo mukuukumbuka, ndipo musanamizire kuiwala. Mayi anadula kanthambi ka lalanje n'kukalowetsa pa tsinde la ndimu, n'kumanga ndi pulasitiki. Anatiuza kuti aliyense wokhudza pamenepo aona zakuda. Inu simunapirire, munakamasula kuti muone ngati pagwira, n'kugwedezanso pang'ono kuti mutsimikize. Kanthambi kanauma.

Mayi sanazule tsindelo. Anadula m'munsi pang'ono, n'kumezanitsanso, n'kumanga, ndipo ulendo uno anazunguliza minga chifukwa cha inu. Malalanje amene mumadzaza nawo chikwama mukabwera kutchuthi ndi a ulendo wachiwiri umenewo.

Tinawauza bambo zonsezi, ine ndi mayi, titakhala m'mphepete mwa bedi. Anamvetsera mpaka kumapeto, chimene si chizolowezi chawo. Kenako anati iwo si mtengo wa malalanje, ndipo za mitengo n'za azimayi. Mayi atayamba kulira anafewa pang'ono, n'kunena kuti chabwino, afunsa injiniya. Anati mwana wawo akanena ndi pakamwa pake kuti chowotcherera kawiri pamalo amodzi chimalimba, apita kuchipatala tsiku lomwelo.

Musaganize kuti atsegula chitseko. Akudziwa kuti simunganene zimenezo, chifukwa anakuphunzitsani ndi iwo omwe, mpaka khofi munalandira tsiku lija munayesa kuwotchereranso mpando wa aneba. Akufuna kuti mawu omaliza achokere kwa inu, kuti ife azimayi titseke pakamwa.

Ndiye mukaimba adzakufunsani funso limenelo, mwina musanamalize n'komwe moni. Mukayankha monga mwana wa m'shedi kuti sichilimba, mwawaika pa mulu ndinu. Mukanama kuti chimalimba, adzamva m'mawu anu, pajatu bodza simulitha, ndipo sadzakhulupiriranso munthu aliyense m'nyumba muno.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi. Musayankhe funsolo. Muwauze kuti bambo, ndinalakwitsa mawu. Muwauze kuti sikunali kuwotcherera kuyambira pachiyambi, kuti fupa si chitsulo, ndi chinthu chamoyo ndipo chimamera. Muwauze za kanthambi munagwedeza kaja, ndi za malalanje mwakhala mukudya. Kwa ine ndi kwa mayi ndi nkhani ya azimayi, koma ikachokera kwa inu idzakhala ya injiniya.

Ndikudziwa kuti ndapempha chinthu chachikulu. Amuna a m'banja mwathu mawu akuti ndinalakwitsa munabadwa opanda. Bambo sindinawamvepo, inunso sindinakumvenipo. Tsiku lija munatisocheretsa popita ku ukwati wa msuweni wathu, munati msewu ndi umene anausuntha. Tinaseka, chifukwa panalibe chimene tikanataya kupatula mpunga wa paukwati. Ulendo uno ndi miyendo ya bambo.

Sindikupempha kuti mutumize kanthu, ndipo sindikukukakamizani kubwera, ngakhale mayi amasesa chipinda chanu ngati mwanena kale tsiku. Ndikupempha mawu ochepa okhawo. Ndipo akavomera, musadzatisiye tokha ngati ulendo woyamba. Mudzaimbe pafupipafupi miyezi yonseyo, n'kumawauza kuti sipanagwire, ngakhale pazizire bwanji. Minga ya ulendo uno mukhale ndinu.

Ndimakukondani, achimwene, koma ndikubisireni chiyani, ndakhala ndikukukwiyirani. Ine ndimatsuka, ndimanyamula, ndimagona khutu lili kubalaza, koma mawu anga onse salemera ngati kutsokomola kwanu pa foni. Zimandiwawa. Komabe lero sindikulimbirana nanu malo. Ngati akumva inu nokha, ndiye lankhulani.

Ndinkafuna kudikira kuti muimbe Lamlungu monga mwa nthawi zonse. Chandilembetsa lero ndi chimene chachitika m'mawa uno.

Bambo anakhala pa mpando wawo pabalaza, akuwauza alamu anu nkhani ija ya wailesi munakonza muli mwana, nkhani imene tonse tinailoweza. Mayi ankathira madzi owira mu kapu pa katebulo kapafupi. Manja awo masiku ano amanjenjemera, ndiye ketulo inapendekeka, madzi n'kukhuthukira pa phazi lamanzere la bambo.

Ine ndinakuwa. Bambo sanasunthe ngakhale chala. Anangondiyang'ana kuti ndawadula mawu, n'kupitiriza za wailesi yanu, phazi likutuluka nthunzi.

Mayi anagwada n'kulipukuta ndi nsalu yonyowa. Khungu linali litayamba kale kutukuka. Mosaganiza anaika kunja kwa dzanja pamenepo, monga ankachitira pamsana paja. Bambo anayang'ana pansi, n'kuona dzanja la mayi pa phazi lawo. Anaona ketulo, anaona madzi pa simenti, ndipo nkhani ya wailesi inathera pomwepo.

Patapita kanthawi anafunsa mayi motsitsa mawu ngati pazizira. Mayi anati ayi bambo, sipanazizire.

 Bala talimanga, anesi a pafupi apa abwera kudzaliona. Koma bambo akhala tsiku lonse akuyang'ana phazilo, ndipo kawiri konse ndawaona akulitsina pamene akuganiza kuti sindikuona.

Musadikire Lamlungu. Mukangomaliza kuwerenga, tulukani panja pamene palibe phokoso la makina, muimbe. Foni ndaitchaja ndipo ndaiika pa mkono wa mpando wawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu anatumizira mayi ija inafika ndipo akuisunga kuti adzavale tsiku lotulutsa bambo m'chipatala. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mayi akuti akupatseni moni, ndiponso akuti malalanje ayamba kupsa. Alamu anu akupereka moni.

Mulungu akusungeni kumeneko, ndipo akufewetseni pakamwa lero lokha.

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo